Tayala Lolira la a Chiwongolero

"Wamva? Tchera khutu bwino. Wamva?"

A Chiwongolero anatseka wailesi n'kuponda mafuta. Phokoso lija linakwera limodzi ndi liwiro la galimoto, wuuu, wuuu, ngati njuchi zotsekeredwa m'chidebe. Mwana wawo wamkazi, yemwe aliyense ankangomuitana kuti make mapasa, analimva ndithu. Linkanjenjemeretsa ndi pansi pomwe anaponda.

"Mwina mpweya wachepa, bambo."

"Mpweya? Ukundiuza ine za mpweya? Ndinayamba kuyendetsa mabasi iwe usanabadwe, mpaka anthu anaiwala dzina langa lenileni. Galu wamkota sakandira pachabe. Matayala awa si anga ayi. Mwamuna wako anandisinthira."

Make mapasa anangoyang'ana panja. Mwamuna wake, kalipentala wofatsa, anali atabwereka galimotoyi masiku apitawo kuti akapereke zitseko kwa kasitomala. Anachedwa kubwerera, ndipo anaibweza yotsukatsuka, matayala ali waliwali. A Chiwongolero anati umboni wake ndi womwewo: ndani amapukuta matayala a galimoto yobwereka ngati sakubisa kanthu? Komanso mkamwini wawoyo anali ndi mnzake wogulitsa matayala akale.

Chimene chinkamupweteka make mapasa n'chakuti nayenso anali atayamba kukayika. Atamufunsa mwamuna wake, iye sanakane, sanavomere. Anangoika pansi lula woyezera matabwa yemwe anali m'manja mwake n'kunena kuti, "Nawenso?" Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso kwa apongozi ake, ndipo m'nyumba mwawo mawu ankadutsira mwa ana. Kodi munthu wosalakwa sadzitchinjiriza? Nanga tsiku lija anachedwa kuti?

Pagalaja anapeza makaniko, munthu wamtali wadazi, akupukuta manja ndi kasanza.

"Ndikufuna undiuze pamaso pa mwana wangayu kuti matayala awa anasinthidwa," anatero a Chiwongolero asanatsike n'komwe.

"Madala, mwabwera ndi chigamulo mlandu usanazengedwe?" anaseka makanikoyo. "Tiyeni tiyambe tamva wodandaula. Ndipatseni makiyi."

Anaiyendetsa mumsewu wa kuseri kwa galaja, iwo awiri ali momwemo. Ankapotoza chiwongolero uku ndi uku, khutu atapendeketsa.

"Likanakhala vuto la bering'i ya m'gudumu, kulira kukanasintha ndikamakhota. Koma uku kukungoimba nyimbo imodzi. Ndikaponda mabuleki sikusinthanso. Ndiye ndi tayala ndithu."

"Ndinanena ine!" anatero a Chiwongolero akutembenukira mwana wawo. Mtima wa make mapasa unagwa.

Atabwerera, makaniko anayeza mpweya, n'kupeza kuti unali wokwanira. Anatokosa timiyala m'mizere ya matayala, kufufuza ngati munalowa msomali, koma munalibe. Anakweza galimoto ndi jeke, n'kugwira tayala lililonse pamwamba ndi pansi, kuligwedeza, kenako kulizunguza. Potsiriza anatsegula kumbuyo n'kutulutsa tayala lapadera.

"Achemwali, bwerani muone nokha. Werengani dzina ndi manambala ali m'mbalimu. Tsopano onani pa anayi aja. Ndi a mimba imodzi onsewa. Palibe mlendo apa."

"Mbava za masiku ano n'zochenjera," anatero a Chiwongolero. Anamuyang'ana makanikoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi iweyo ukumudziwa kalipentala wa kumsika wa matabwa? Nkhanga zinapangana kusanapse, paja."

"Madala, ine ndi matabwa tinasiyana pa benchi ya kusukulu. Tabwerani kuno, manja anu akuuzeni okha."

Anagwada pa tayala lakutsogolo kumanzere, n'kutenga dzanja la mkuluyo kuliyendetsa pamwamba pake. Kupita mbali imodzi linali losalala, koma pobwerera linkakanda ngati mano a sowo.

"Wolira uja ndi ameneyu. Gudumu linapotoka, silikuyendanso molunjika ndi anzake, ndiye tayala likukwekwesa msewu chammbali n'kumadyeka chonchi. Koma kudyeka kotere sikuchitika tsiku limodzi ayi. Iyi ndi ntchito ya miyezi."

"Chinalipotoza n'chiyani?" anafunsa make mapasa.

Makaniko analoza chitsulo cha gudumulo. Chinali chophwanyika m'mphepete malo angapo, pena podzimbirira kale, pena poyera kumene. Mbali ya tayalalo inali yokandikakandika, ndipo lakumbuyo la mbali yomweyo linalinso ndi zipsera. A kumanja onse anali bwinobwino.

"Galimoto iyi imagunda miyala ya m'mphepete mwa msewu kawirikawiri, ndipo nthawi zonse kumanzere. Kaya amaiyendetsa masiku onse ndani, koma mbali imeneyi sakuiona bwino."

Ananena zimenezi maso ali pa gudumu, kenako anadzuka n'kunena kuti akukafuna sipanala, ngakhale sipanalayo inali m'thumba la ovololo yake.

A Chiwongolero anali chiimire, akusisita chikhatho chawo chomwe chinada ndi tayala. Make mapasa anali ataima kumanzere kwawo. Anatulutsa kampango m'chikwama n'kuwatambasulira kuti apukutire. Dzanja lake linakhala m'mwamba pafupi ndi phewa lawo, koma iwo sanacheuke. Analigwedeza pang'ono. Sanaone kanthu.

Anazungulira n'kukaima patsogolo pawo. Kwa nthawi yoyamba patapita zaka zambiri, anawayang'ana bambo ake m'maso, chinthu chomwe ankachipewa chifukwa cha ulemu. Pakati pa diso lakumanzere panali poyera ngati dontho la mkaka m'madzi.

"Bambo, diso ili linayamba liti?"

"Ndi fumbi chabe."

"Bambo."

Mkuluyo anakhala pansi pa tayala lakale lomwe linali pambali. Mapewa awo anagwa, ndipo anaoneka aang'ono kuposa momwe mwana wawo ankawadziwira.

"Linayamba ngati nkhungu," anatero motsitsa mawu. "Ndinkati itha yokha. Ndikagunda, ndinkati msewu ndiwo wachepa. Mwana wanga, ine ndikasiya chiwongolero, anthu azindiitana kuti ndani?"

Make mapasa anafuna kuwakalipira. Dzulo lomwelo bambo akewo anali atanyamula mapasa aja pa galimotoyi kuchokera kusukulu. Koma mkwiyo unamuthera, chifukwa anakumbukira nkhope ya mwamuna wake pamene ankati, "Nawenso?" Bambo ake anali ndi ng'ala m'diso. Nanga iye, wamaso awiri abwino, anaona chiyani?

"Ng'ala amachotsa kuchipatala, bambo. Koma mpaka tsiku limenelo, zidzukulu zanu sizikweranso inu mukuyendetsa. Ndipo lero simuyendetsa pobwerera."

"Nanga atiyendetsa ndani? Iwe sudziwa ndi giya yomwe."

Make mapasa anangotulutsa foni n'kuigwira m'manja. A Chiwongolero anaiyang'ana nthawi yaitali, mutu atapendeketsa kuti aione ndi diso labwino lija.

"Muimbire," anatero pomaliza. "Usamuuze kuti abwere. Umuuze kuti ndine ndapempha."

Kalipentala anafika makaniko akumaliza kuwongola gudumu, utuchi udakali m'tsitsi. Anapereka moni kwa apongozi ake mwaulemu, koma sanamuyang'ane mkazi wake. A Chiwongolero anadzuka, navula chipewa, n'kumupatsa makiyi ndi manja awiri.

"Mwananga, ndinakunamizira. Wakuba anali m'diso mwangamu."

Kalipentala anawombera m'manja pang'ono n'kulandira. Anatsegulira mkuluyo chitseko chakutsogolo, koma iwo anakana, nakakhala kumbuyo. Make mapasa ndiye anakhala pambali pa mwamuna wake. Ulendo wonse sanalankhulane. Atayandikira kunyumba, iye anatambasula dzanja n'kumuchotsa utuchi kumutu. Mwamunayo sanapewe, koma maso ake sanachoke pamsewu.