Jombo ndi Geti la ku Bertrams

Tisanasamukire kuno ku Cosmo City tinkakhala ku Bertrams, m'zipinda za kuseri kwa nyumba ina yakale. Mabanja anayi, mpope umodzi, geti limodzi. Ndimakusowa kumeneko. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, wamanyazi, ndipo mnzanga weniweni anali galu wathu, Jombo. Abambo anapatsidwa galuyu ali kamwana ndi azungu amene ankawasamalira maluwa.

Vuto la Jombo linali geti. Munthu akangolisiya lotsegula, iye ulendo. Ankathamangitsa ana a sukulu, ndipo tsiku lina anagwetsa tebulo la mayi wogulitsa tomato pakona. Abambo ankaima pamsewu n'kumakuwa, "Jombo, bwera kuno!" Akabwera, ankalandira lamba. Kenako anangosiyiratu kubwera.

Mwini nyumba sanabise mawu. "Akavutanso anthu, galuyu achoke. Apo ayi, muchoke nonse."

Anansi athu, Anti Tasila a ku Chipata, amene ankagwira ntchito kuchipatala cha ziweto, anandipeza ndikulira pampope.

"Iwe Tisungane, maso afiira bwanji? Chibwenzi chatha?"

"Ayi anti, ndi Jombo."

"Ndimaona pawindo zonsezo. Tandiuza, atate ako atakuitana, iwe n'kubwera, iwo n'kukukwapula, mawa ungabwerenso?"

Ndinapukusa mutu.

"Galunso ndi choncho. Sadziwa kuti lambayo ndi wa tomato uja. Iye amangodziwa kuti anabwera, n'kumenyedwa."

Anandipatsa chingwe chachitali. Anati ndiphike chiwindi cha nkhuku n'kuchiduladula. Ndizimuitana kamodzi kokha, ndi mawu abwino, ndipo akabwera ndizimupatsa kachidutswa n'kumusisita. Mphindi khumi m'mawa, mphindi khumi madzulo. Anatinso ndizimuyendetsa tsiku lililonse, chifukwa galu wongobindikiritsidwa pabwalo amalakalaka msewu.

Maulendo amenewo sindidzawaiwala. Tinkaponda maluwa a jakaranda ogwera m'njira, ine ndikumuuza Jombo zimene sindinkauza munthu aliyense.

Patatha milungu iwiri, ndikangoitana ankabwera chothamanga. Koma akamva mawu a abambo, ankalowa kunsi kwa bedi. Anti anati, "Watsala wophunzira mmodzi. Ukawauze atate ako, a Binali."

Kunena zoona, ndinatha masiku atatu ndikulephera. Tsiku lachinayi ndinalankhula, maso ali pansi. "Ababa, Jombo amakuopani. Akabwera musamamumenye."

"Kwathu ku Mangochi galu sitimunyengerera ndi chiwindi," anayankha. "Azidya bwino kuposa ine?"

Koma m'mawa mwake ndinawaona atanyonyomala kuseri kwa nyumba, chingwe chili m'manja, akuitana chapansipansi kuti anthu asawamve.

Loweruka lina masana, anthu olowetsa matiresi anasiya geti lotsegula. Jombo anatuluka n'kulunjika pakona ya tomato. Mwini nyumba anali pakhonde akuona. Ine ndinali pampope, abambo ali pakhomo akumwa tiyi.

Dzanja la abambo linapita palamba. Linakhala pamenepo kanthawi, kenako linatsika. Ananyonyomala pageti, anthu onse akuwaona.

"Jombo, bwera mwanawe."

Jombo anaima. Anayang'ana tebulo, anayang'ana abambo. Kenako anabwerera pang'onopang'ono, mchira uli pansi, kudikira lamba. Abambo analibe chiwindi. Anamupatsa buledi amene ankamwera tiyi, yense.

Mwini nyumba anakhosomola. "Getilo ndiikapo loko Lolemba," anatero, n'kulowa m'nyumba. Za kuchoka sanazitchulenso.

Inu amene muli ndi galu, kumbukirani kuti iye amabwereza chimene chamubweretsera zabwino. Mukamuitana n'kubwera, musamumenye, ngakhale atalakwa chotani. Muyamikireni pomwepo, ndipo mawa adzabweranso.