Chifuwa cha Lachinayi

Ine ndilibe chifuwa, koma kwa miyezi isanu ndakhala ndikutsokomola m'chipinda cha dokotala Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, ndipo zandikwana.

Amuna anga amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Amakhala pampando wa pambali, phazi lili chire pa buleki yachiwiri, kuti wophunzira akasokonezeka iwo aponde. Zaka zitatu zapitazo anawapeza ndi matenda otupitsa mitsempha ya magazi. Dokotala anatichenjeza kuti mitsempha ing'onoing'ono ikatupa, magazi safika bwino ku minyewa, ndiye phazi limachita dzanzi mpaka kusiyiratu kumva. N'chifukwa chake mwezi ndi mwezi amawagoneka pakabedi, kuwauza kuti atsinzine, n'kumawabaya kuphazi ndi kasingano. Akamva, azinena kuti "eya".

Tsiku lina tili pamzere anandinong'oneza kuti, "Mayi a ana, akamandibaya inu muzitsokomola."

"Mwapenga kodi?"

"Ndi dzanzi chabe, litha lokha. Koma akangolemba kuti phazi silikumva, laisensi yapita. Ndiye mukufuna ndizikhala pakhomo n'kumakuwerengerani masupuni?"

Ndinavomera, chitsiru ine. Dokotala kubaya, ine kutsokomola, iwo "eya". Tinazolowera ngati kwaya. Mpaka dokotalayo, mayi wachifundo ndithu, anandiyeza pachifuwa n'kundilembera mankhwala akumwa. Ndinawalandira ndi manja awiri, manyazi atandigwira mpaka m'makutu.

Kunyumba ndinkaona zonse. Silipasi inkavuka pakhonde, iwo n'kumapitabe ndi imodzi osadziwa. Ndikanena, ati silipasiyo ndi yaikulu. Akapunthwa pachitseko, ati mmisiri anamanga mokhota. Bambo amenewa salakwa ayi, cholakwa ndi nsapato, simenti ndi ine.

Sabata yatha anabwera galimoto itaphwanyika nyali imodzi. Wophunzira wawo, mayi wina wantchito ya unamwino, analunjika mpanda wa sukulu.

"Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse," anatero amuna anga. "Buleki ndiye yafa."

Mawa lake ndinapita ndekha kwa makaniko amene ankakonza galimotoyo. Anati buleki ili bwinobwino, kenako anandionetsa kapeti. Pambali pa chopondera panali dindo la chidendene, lozama. Munthu anaponda pansi penipeni n'kumayesa waimitsa galimoto. Pampanda umenewo ndi pomwe ana amatsamira akaweruka, podikira makolo awo.

Ndinakwiya kwambiri. Nditafika kunyumba ndinawauza amuna anga maso ndi maso kuti masewerawa atha.

"Mukatsokomola basi," anayankha akupukuta magalasi awo. "Zaka makumi awiri ndi zitatu simunandigwetsepo."

Lachinayi anavula sokosi, anagona, anatsinzina, manja atawapinda pamimba ngati bwana. Dokotala anabaya chala chachikulu. Ine duu. Anabaya chaching'ono, kenako pansi pa phazi. Ndiye taonani tsoka lake: pakhosi panayamba kundiyabwa zenizeni, koyamba m'miyezi isanu. Ndinameza malovu, ndinaluma mlomo, misozi ili lengelenge.

Dokotala anapitiriza kubaya pachidendene, pakakolo, pakatumba. Anaima, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anazindikira pomwepo kapena ankadziwa kale.

"Adokotala, mutha kuyamba," anatero amuna anga, maso ali chitsinzinire. "Ndakonzeka."

Dokotala anaika kasingano kaja m'mbale, anakhala pampando wake, n'kutsegula faelo. Ndinawayang'ana bambowo, phazi lawo lotuwa lili ndi timadontho tofiira, nkhope ikudikira mwachikhulupiriro chonse, ndipo ukali wanga unasanduka chisoni. Chifuwa chinandipulumuka.

"Eya!" anatero mokweza.