Fulashi ndi Tsaya la Bambo

Dokotala atanena kuti achotsa mbali ya nsagwada ya Bambo, palibe analira. Azakhali anafunsa ngati odwala amabwera ndi bulangeti lawolawo. Ine ndinkayang'ana kalenda ya pakhoma, yomwe inali ya chaka chatha. Achimwene anga, oyamba kubadwa, anakonza kukhosi ngati munthu woti atsegulire msonkhano, nati, "Pafunika chithunzi cha Bambo nkhope ikadali yonse. Zimenezo mundisiyire."

Tinawasiyira. Panalibenso china choti tiwasiyire.

Achimwene anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yogula katundu pa kampani ina, ndipo kwathu timawatchula kuti a Komiti, chifukwa ngakhale tsache sagula asanakhale pansi okha ndi kumvana. Atapuma pantchito anagula kamera. Amayenda nayo pachifuwa m'maukwati amene sanawalembe ntchito, namauza akwati kuti apendeke pang'ono.

Bambo anali wometa. Atatseka malo awo ometera anabwera ndi mpando wa makasitomala, nauyika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Chiyambireni chotupa pa tsaya lawo lakumanzere, ankakhala pamenepo tsiku lonse, msana kudzuwa, chipewa atachikokera m'maso.

Achimwene anawajambula pomwepo masana omwewo. Khoma linatuluka mbee, matawulo a pachingwe anatuluka ndi mizere yake yonse, koma pomwe panayenera kukhala nkhope panali bii.

"Bambo, tatembenukirani kudzuwa."

"Dzuwa ndinalionapo."

"Nanga chipewacho?"

"Ndi changa."

"Ndiye tilowe m'nyumba."

"M'nyumba ndidzakhalamo mokwanira ndikabwerako uko," Bambo anatero, natseka maso.

A Komiti anakhala pansi, ndipo chigamulo chinatuluka chakuti vuto ndi kusowa kwa fulashi, nyali ija imavekedwa pamwamba pa kamera n'kumaphethira. Sabata yonse ankandiyimbira foni ndili kuntchito. Sanafunseko kuti mtima wanga uli bwanji, inenso sindinawafunse. Ankandifotokozera kuti anthu osadziwa amayesa fulashi ndi ya mumdima mokha, pamene munthu wozindikira amayiyatsa dzuwa likuswa mtengo, osati kuti alimbane nalo, koma kuti adzaze mthunzi wa pankhope. Mawu akuti kudzaza mthunzi ankawatchula pang'onopang'ono, ngati anawapeka okha. Ine ndinkangoti eya, foni nditayipanikiza ndi phewa.

M'mashopu awiri anapita okha. Ku yachitatu, pakuti komiti siyigula isanaone malo atatu, ananditenga. Ndinali nditangochoka kogula masilipasi a Bambo ndi timapaipi tomwera, poti namwino anati akatuluka ku opaleshoni sadzatha kumwera pakapu. Zinali m'jumbo m'manja mwanga.

Shopuyo inali pamwamba pa masitepe, yopapatiza, yodzaza machaja ndi zikwama za makamera. Wogulitsa anali bambo wa tayi, wa msinkhu wa Achimwene, ndipo atangoonana ndinadziwa kuti akumana a m'banja limodzi. Anayala mafulashi atatu pagalasi la kauntala.

"Mumajambula kawirikawiri, bwana?"

"Mwa apo ndi apo. Koma ndikati ndajambula, ndajambula."

"Zikuoneka. Kagwiridwe kokhako."

Kakang'ono kanali ngati bokosi la machesi. Wogulitsa anati kameneko n'kopepuka, kolowa m'thumba la jekete, koma masana dzuwa limakaseka. Yayikulu inali ya anthu ojambula mipingo yathunthu. Ataiveka pa kamera, kamerayo inagwada chamutsogolo ngati ikupepesa. Yapakati inali ndi mutu wopindika, ndipo akuti inkamvana ndi kamera, kudziyezera yokha kuwala koyenera ngakhale padzuwa lamphamvu. Kumbuyo kwake kunali kagudumu kowonjezera ndi kochepetsera.

Anakambirana za mabatire. Anakambirana za nthawi imene imapuma isanaphethirenso. Achimwene anainyamula m'dzanja lamanja, kenako lamanzere, ngati akusankha khanda. Ine ndinkawerenga mawu a pa jumbo langa.

"Iwe, tayima pakhomopo," anandiuza. "Msana kudzuwa."

Ndinayima. Kunaphethira. Atandionetsa pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera ndinaona makwinya anga onse, ngakhale ena amene tinali tisanadziwane, ndi timapaipi tikusuzumira m'jumbo.

"Mwaona, mayi?" wogulitsa anatero. "Palibe chobisika."

"Palibe," Achimwene anavomera, mokhutira.

Anatenga yapakati. Komiti simatenga za kumapeto: chaching'ono anthu amati ndiwe woumira, chachikulu amayamba kukufunsa mafunso.

"Ndi ya ukwati?" wogulitsa anafunsa akukulunga.

"Ayi. Ndi ya Bambo."

"Aa, tsiku lobadwa."

"Eya," Achimwene anatero. Tinatsika masitepe.

M'mawa wa tsiku logonekedwa m'chipatala Bambo anadzimeta okha ndevu, mongopapasa, lumo likuzungulira chotupacho. Anavala jekete ndi tayi, chipewa pamwamba, nakakhala pampando wawo, msana kudzuwa. Azakhali anali m'nyumba akulimbana ndi zipi ya sutikesi. Achimwene anaveka fulashi, nagwada bondo limodzi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita ngakhale kutchalitchi.

Kunaphethira.

Achimwene anayang'ana pa kagalasi. Ndinasuzumira paphewa pawo.

Wogulitsa uja sananame. Khoma linali bwinobwino, matawulo bwinobwino, ndipo pansi pa chipewa panali nkhope yonse. Chotupacho chinali chikunyezimira ngati bondo. Chinali chitakoka ngodya ya mlomo, n'kutsina diso lakumanzere mpaka kusiya kamng'alu. Khungu la pamwamba pake linali losiyana mtundu ndi lina lonse. Tsiku ndi tsiku tinkawaona Bambo, koma tinkawaona pansi pa chipewa, kapena pabalaza pomwe makatani anasiya kutsegulidwa. Galasi la m'kanjira ka kuchipinda Bambo anali atalichotsa kalekale, ati likufunika msomali wina. Tonse tinali titavomera kuti ndi nkhani ya msomali.

"Bweretsa ndione," Bambo anatero.

"Ndijambulenso kaye, Bambo. Mwina mwaphethira."

"Bweretsa."

Bambo anagwira kamera ndi manja onse awiri, nayitalikitsa monga amachitira ndi nyuzipepala. Anayang'ana nthawi yayitali. Kwa aneba wailesi inali kunena za mpira.

"Makina abwino," anatero. "Wasankha bwino, a Komiti."

"Ndinaona malo atatu."

"Ndikudziwa. Ali ndi pochepetsera?"

Achimwene anawalitsako nkhope, pakuti limeneli linali funso loyankhika. Anawaonetsa kagudumu, nayamba kufotokoza kuti kuwala kumatsika m'magawomagawo.

"Chepetsa," Bambo anatero, nabweza kamera.

Kunaphethira, mofewerapo. Bambo anayang'ana.

"Chepetsanso."

Achimwene anagwadanso. Bondo la thalauza lawo linali litayera fumbi.

"Ukudziwa," Bambo anatero akukonza tayi, "akabwera munthu wa dazi, ndikatha kumumeta, galasi lakumbuyo lija ndinkaligwira chonchi." Anapendeketsa chikhatho pang'ono. "Amaona khosi, amaona m'makutu, n'kunena kuti zili bwino. Iye akudziwa, ine ndikudziwa. Palibe anabwerapo kudzadandaula. Chepetsa."

Kagudumu kanalira tiki. Tsaya linayamba kubwerera mumthunzi, mlomo unawongokako. Bambo anayang'ana, napukusa mutu. Tiki. Anapukusanso. Kenako ndinaona chala cha Achimwene chikuchoka pa kagudumu kupita pa kabatani ka m'mbali, ndipo kanyali kofiira ka kumbuyo kwa fulashi kanazima. Anadina kamera. Sikunaphethire.

Chithunzicho chinali chimodzimodzi ndi cha tsiku loyamba lija: khoma mbee, matawulo, chipewa, kolala yoyera, mfundo ya tayi yowongoka, ndi mdima pakati. Ukayang'anitsitsa unkaona kadontho kowala pomwe panali diso lakumanja, ndi mzere wa chibwano, wosalala, wometedwa bwino.

"Ndi ameneyo," Bambo anatero. "Ameneyo ndikumudziwa. Mukatsukitse chachikulu."

"Chabwino, Bambo."

"Waona? Nyali yakoyo yathandiza."

Achimwene anayang'ana fulashi, kenako ine. Ine ndinayang'ana matawulo.

"Ndi yabwino," anatero. "Imadziyezera yokha."

Galimoto imene tinayitana inaliza hutala kumsewu. Azakhali anatulukira pakona ya nyumba akukoka sutikesi, zipi itawagonja pakati, bulangeti likutuluka. Anafunsa ngati tatha. Bambo anadzuka, napukuta mpando ndi mpango monga ankachitira kasitomala akachoka, natsogola.

Achimwene anatsalira pang'ono. Anavula fulashi, natsegula kachitseko kake, natulutsa mabatire limodzilimodzi, poti wogulitsa anati chinthu chikakhala nthawi yayitali osagwira ntchito mabatire amadontha. Anasowa powayika. Ndinawatsegulira jumbo, nawaponya momwemo, pamodzi ndi timapaipi.