Manja Obwereka

Jasper Longwe anali kalipentala, ndipo manja ake ankachitira umboni okha: zikhatho zokhakhala ngati khungwa, zala zodzaza zipsera za sowo ndi misomali. Ndiye tangoganizani chimunthu chotere chitakhala kuseri kwa nyumba ku Chibavi, manja ali m'beseni la madzi ofunda, amake akumukwecha ndi mwala wotsukira mapazi, kenako n'kumupaka vaselini ngati mkwatibwi. Zikanakhala zoseketsa pakanapanda munthu amene ankadikira imfa m'nyumbamo.

Munthuyo anali bambo ake, a Zebedee Longwe, mlaliki wopuma wochokera ku Nkhata Bay, amene maso anasiya kuona kalekale. Matenda anali atawatha, ndipo tsopano ankakana ngakhale phala. Ukawayandikizira supuni ankatembenukira kukhoma n'kunena kuti adya Fyson akabwera.

Fyson anali mkulu wake wa Jasper, wophunzira wa pabanjapo, wa ntchito ya mu ofesi m'tauni. Tsiku lina galimoto inaima pantchito pake, amuna awiri n'kumuitana kuti akamufunse mawu pang'ono. Mawu pang'onowo sanathe. Masiku amenewo ophunzira ambiri a kuno kumpoto ankapita choncho, mlandu osanenedwa, ndipo wofunsafunsa ankawatsatira. Zaka zitapita, munthu wina wowonda, wongotulutsidwa kumene, anaima pa shedi ya Jasper kumsika ngati akufunsa mtengo wa mpando. Ananong'ona kuti Fyson anamwalira m'ndende m'dzinja, anamutulutsa m'bulangete, ndipo kumene anapita naye sakukudziwa.

Jasper anauza amake okha. Mayi Keziya sanalire, chifukwa kulira munthu wotchedwa chigawenga kunali kudziitanira galimoto yomwe ija. Amati maliro n'kulirana, koma awa anthu awiri anangowameza.

Nzeru ya beseni inali ya mayi Keziya.

"Mawu anu ndi amodzi, iwe ndi mkulu wako," anatero uku akukwecha. "Ngakhale ine ndinkakusokonezani mukamayankhula panja. Vuto ndi manjawa. Adada ako amaona ndi zala."

"Amama, tinamize munthu wa Mulungu ali pafupi kupita?"

"Ukufuna apite ndi njala, mtima uli pamsewu? Tchimolo likhale pa ine. Iwe bweretsa dzanja linalo."

Jasper anawazindikira mawuwo, ndipo anachita nawo mantha. M'nyumba imeneyi ana anakulira nkhani za makolo akale a m'Baibulo. A Zebedee ankaphunzitsa kuti chipulumutso sichinagwe ngati mvula. Linali lonjezo lolandizana ngati mtolo paulendo: Mulungu anasenzetsa Abrahamu, Abrahamu anatulira Isake, Isake anatulira Yakobo, mpaka mtolowo unakafika m'khola la ku Betelehemu. Akafika pa Isake wosaona uja, amene anadalitsa mwana wamng'ono atavala zikopa m'manja, ankapukusa mutu n'kuseka kuti nkhalamba inagwa m'mbuna masana. Lero amake anali kunena zomwe ananena Rebeka, amake a Yakobo, osadziwa n'komwe.

Panali china chimene Jasper sakanauza munthu. Moyo wake wonse dzanja la bambo ake linkapita pamutu pa Fyson. Iye ankayamikiridwa akakonza chitseko, basi. Tsopano mumtima mwake munali kachimwemwe koti mwina mawa dzanja lija ligwera pamutu pake, ngakhale m'dzina la wina, ndipo kachimwemwe kameneko kanamuchititsa manyazi kwambiri.

M'mawa mwake kunacha ndi kamvula kowaza ka Juni, nkhungu itaphimba Chibavi yense. Jasper anavala jekete la Fyson lomwe amake ankasunga mu sutikesi. Linamuthina m'mapewa. Anazungulira nyumba kuti agogode kumaso ngati mlendo, amake n'kumutsogolera kuchipinda.

"A Longwe, taonani amene wabwera," anatero mayi Keziya.

"Monire, adada," anatero Jasper atagwada pambali pa bedi.

"Ndani?"

"Ndine Fyson. Anditulutsa."

Nkhalamba inatambasula dzanja, inapapasa kolala ya jekete, inanunkhiza, kenako inatsikira kuzikhatho. Inazisisita nthawi yaitali, chala ndi chala.

"Ndiwedi Fyson?"

"Ndine, adada."

"Yewo. Yewo chomene," anathokoza a Zebedee. "NyaManda, bweretsani phala lija."

Umo ndi mmene ankawatchulira akazi awo. Mayi Keziya anathamanga ngati mtsikana. A Zebedee anamwa phala lonse, Jasper akuwamwetsa, mpaka anapempha madzi otsukira m'kamwa. Mayi ndi mwana anayang'anana. Zinkaoneka kuti zatheka.

"Sendera," anatero a Zebedee. Anaika dzanja pamutu pa Jasper, n'kulisiya pomwepo. "Ndalalikira za Isake kuyambira ku Chintheche mpaka kuno, ndipo ponseponse ndinkati anamupusitsa. Ndinkalakwa. Bambo sasokoneza ana ake. N'chifukwa chake ankangofunsa mobwereza kuti kodi ndiwe Esau. Ankadziwa, koma anaona kuti mwana amene wagwada apayu naye ali ndi njala. Ndiye taona anthu amene Mulungu anawasenzetsa lonjezo lake: wina anakana mkazi wake chifukwa cha mantha, wina anaba dalitso, ena anagulitsa mbale wawo. Akanadikira oyera mtima, bwenzi mpaka lero tikudikira Mpulumutsi."

Ndi dzanja linalo, a Zebedee anagwira chala chachikulu cha Jasper.

"Chipsera cha pachala chachikuluchi unadzicheka ukupala mpando wanga wa kutchalitchi. Vaselini sachotsa chimenecho, Jasper. Ndipo amako akupaka wambiri, ukhoza kukazingira nsomba."

Mayi Keziya anagwira pakamwa, natsamira khoma.

"Pepani, adada."

"Usapepese. Khala chete ndikudalitse, ndinachedwa nazo." Dzanja lija linalemera pamutu pake. "Mulungu wa makolo athu akusunge iwe Jasper, m'dzina lako lomwe. Adalitse manja akowa mmene alili. Usamale amako."

Jasper anali atadikira mawu amenewo kuyambira ali mwana, koma atabwera sanamukomere. Anamuwawa, chifukwa anadziwa kuti chimene chinawagula ndi imfa ya mkulu wake.

Panja mwana wa a neba ankathamangitsa nkhuku, ndipo wailesi yawo inkaimba nyimbo za chipani. A Zebedee anachotsa dzanja, nagona chagada.

"Isake anali ndi mwayi," anatero motsitsa mawu. "Atangotha kudalitsa, Esau wake anatulukira kuchokera kuthengo, nyama ili paphewa. Analira, anakalipa, koma anabwera. Amako sakanakuveka jekete limeneli mwini wake akanakhala kuti abweranso. Wanga sabwerako kuthengo, eti?"

Bodza linali litatha, ndipo Jasper analibenso mphamvu zolipangira lina.

"Sabwera, adada."

"Liti?"

"M'dzinja lapitali."

"Munamuika kuti?"

Funso limenelo ndi limene Jasper ankaliopa kuposa onse. Iye amene anakhomera mabokosi anthu osawadziwa a m'tauni yonseyi, mkulu wake sanamukhomere ngakhale thabwa limodzi.

"Sitikudziwa, adada. Sanatiuze."

M'maso osaona aja munatuluka misozi, n'kutsikira m'makutu.

"Abrahamu sanakhale ndi munda m'dziko lolonjezedwa lija, koma manda anali nawo," anatero. "Yosefe mafupa ake anawanyamula kupita nawo kwawo. Wanga mu bulangete."

Kenako anatembenuzira mutu kumene ankamva kupuma kwa akazi awo.

"NyaManda, mwasenza nokha nthawi yonseyi. Tsekani zenera, mutsekenso chitseko. Tilire mwana wathu."

Mayi Keziya anatseka zenera, natchinga mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli. Anakhala pansi, miyendo atatambasula monga amakhalira amayi pasiwa, naluma nsonga ya chitenje kuti a neba asamve.