Zala za Nyani Wowodzera

Nkhaniyi ndinaimva kwa dalaivala wa lole amene anandikweza ulendo wina. Ankanena za mlongo wake, wosamalira anyani pamalo ena ofufuza za ubongo.

Panali nyani wamkazi yemwe mayiyo ankamutchula kuti Mlamu. Madokotala anamuika m'mutu timawaya tonga tsitsi topita ku kompyuta, ndipo kompyutayo inkayendetsa dzanja lachitsulo lokhala patebulo. Mlamu akati apinde chala, chachitsulo nacho chinkapindika. Madokotalawo ankati tsiku lina anthu ofa ziwalo adzagwira supuni mwa njira imeneyi.

Kenako zinasokonekera. Masana, Mlamu akamawodzera pampando wake, manja ali lende, dzanja lija linkayamba lokha: chala chachikulu ndi cholozera kutsinana, kufukula, kutsinananso, pang'onopang'ono ngati chinthu cha pansi pa madzi.

"Mawaya awonongeka," anatero dokotala wamkulu. "Lachisanu timuchotsa ameneyu, apite kwina, tibweretse wina."

Mayi uja mtima unamuwawa. Zaka zinayi akumudyetsa Mlamu! Anatsamira mopu n'kumayang'anitsitsa zalazo. Makatani ankauluzika, fani ikulira chapansipansi, ndipo anangodziona ali kamtsikana, mutu uli pamiyendo ya amayi ake, tulo tikumuba. Mosazindikira anagwada n'kuika mutu pansi pa dzanjalo. Zala zozizira zinapatula tsitsi lake, kusakasaka, kutola, kupatulanso.

"Mayi, mwapenga kodi? Chokanipo pamenepo!" anakuwa dokotala.

"Adokotala, sukulu yonseyi, simunasakidwepo nsabwe inu? Mawaya ali bwinobwino. Mlamu akulota akusaka nsabwe mwana wake uja munamusamutsira chipinda china mwezi watha."

Dokotala anavula magalasi, nayang'ana dzanjalo kwa nthawi yaitali.

"Ine nsabwe ndinalibe," anatero chapansipansi.

"Ndi dazi limeneli zikanagwira pati?" anayankha mayiyo.

Tsiku lomwelo kamwanako anakabwezera m'khola la mayi wake. Lachisanu linafika n'kudutsa, Mlamu ali pomwepo, ndipo dzanja lija masana linkangogona phee patebulo.

Titaima pothira mafuta, dalaivalayo anayibwereza nkhaniyi kwa munthu wina, koma ulendo uno mwana uja anali atasanduka mwamuna wake wa Mlamu. Za mawaya ndi dzanja lachitsulo ndikhoza kuvomera, dziko lapita patali. Koma zoti makina anatola maloto a nyani, ine ndikukayika ndithu.