Nsapato Yoyamba Pamzere

"Musaiponde!"

Ndinaima phazi lili m'malere, amayi ali kumsana kwanga. Wokuwayo anali mayi wina wotupa mwendo amene anakhala pabenchi pakhonde la chipatala. Pansi, pafupi ndi chitseko cha adokotala, panali nsapato yachimuna yakuda, yakumanzere, yopanda zingwe, yoyasama kutsogolo.

Pachipatala chimenecho anthu saima pamzere. Angaime tsiku lonse ndani ali wodwala? Aliyense amavula nsapato imodzi n'kuiika m'mbali mwa khoma, mwini wake n'kukafuna mthunzi. M'mawa umenewo mzere wa nsapato unali utafika kale kumpopi wouma wa kuseri.

"Yanu kaikeni kumapeto uko," anatero mayiyo. "Koma iyi muziilambalala."

Ndinakhazika amayi pabenchi n'kuwavula nsapato yawo ya patapata, yofiira, imene lamba wake ndinali nditamanga ndekha ndi kawaya. Usiku wonse anali akubanika, pachifuwa pakulira ngati ketulo. Zimene ndinkafuna n'zakuti dokotala awaone asanaweruke, basi.

Chitseko chinatseguka. "Wotsatira!" anaitana namwino.

Palibe anadzuka. Khonde lonse linangoti zii, ngakhale makanda anasiya kulira. Namwino anagwirabe chitseko, maso ali kumbali, ngati mmene munthu amapatukira kuti wina adutse. Kenaka mwini wa nsapato yachiwiri anadzuka, n'kuvala yake, n'kulowa. Enawo anasendeza zawo ndi mapazi. Yakuda ija sinakhudzidwe.

Zinkachitika choncho nthawi iliyonse, ngakhale nthawi zake sizinali zambiri. Dzuwa litakwera pang'ono, ogwira ntchito anapita kukamwa tiyi. Atabwerako analowa mumsonkhano, ndipo msonkhanowo unakathera pa chakudya chamasana. Tinkamva kuseka ndi kulira kwa masipuni kuseri kwa makatani.

Ine ndine wamtima wapachala, ndipo sindibisa. Ndinakagogoda.

"Amayi anga akulephera kupuma."

"Achemwali, pano palibe wabwera kudzacheza," anayankha namwino, akutafuna. "Dikirani nsapato yanu."

Nditabwerera ndinapeza mayi wokolopa akupukuta pakhonde. Anakolopa bwinobwino mozungulira nsapato yakuda ija, n'kusiya kabwalo kouma.

"Kodi mwini wa chinsapato chimenechi ndi nduna?" ndinamufunsa.

Anafinya chokolopera kaye. "Anali kalipentala, munthu waulemu. Tsiku limenelo anafika woyamba, kukadali mdima. Adokotala anali kumsonkhano. Pomuitana madzulo, anali atakhala pomwe pali amayi anupo, chipewa chili pabondo, atazizira kale."

Ndinawasendeza amayi pang'ono.

"Abale ake anamutenga ali ndi nsapato imodzi," anapitiriza. "Iyi ndinaitayapo kudzala, ndinaiponyapo m'moto wa zinyalala. M'mawa ndimaipeza pomwepa. Ndinatopa nazo, mwana wanga. Timangomupatsa mpata akaitana, mwina tsiku lina adzalowa."

"Ndiye bwanji salowa?"

"Pano munaonapo woyamba akulowa?" Anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. "Malo amenewo asiyeni. Ali ndi mwini wake."

Ndinachita mantha, ndisaname. Koma mantha anga aakulu anali pabenchi. Milomo ya amayi inali itayamba kutuwa, ndipo ankandigwira dzanja mwamphamvu pokoka mpweya uliwonse. Mthunzi wa khonde unatalika mpaka kumpanda. Mlonda anayamba kutseka mawindo a mbali ya kumadzulo, pamene nsapato yofiira inali idakali pakati pa mzere.

Ndinadzuka, ndinaitola, n'kukaiika kutsogolo kwa yakuda ija, yogunda chitseko.

"Mayi inu!" analira wotupa mwendo uja, atagwira pakamwa. Panalibe wondikalipira kuti ndalumpha anzanga. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Onse anangoweramitsa mitu.

"Ibweze, mwanawe," ananong'ona amayi.

"Ayi. Akufa adikire. Inu muli moyo."

Chitseko chinatseguka. Namwino anayang'ana pansi, n'kuona nsapato yofiira ija. Sindinadikire kuitanidwa, ndinabereka amayi n'kulowa. Podutsa pakhomopo ndinamva kamphepo kozizira m'miyendo, ndi fungo la utuchi wa matabwa.

Dokotala anali atavula kale chovala chake choyera, makiyi ali m'manja. Anaika chomvetsera pachifuwa cha amayi, maso ali pa wotchi.

"Akufunika mpweya, koma makina athu anawonongeka. Mankhwala ake atha, galimoto ya odwala yapita. Amwe kaye awa opha ululu. Mubwere mawa, mulawirire."

Ndinalalata mpaka mawu kusasa. Iye anangodikira kuti ndimalize, n'kuzimitsa magetsi.

Titatuluka, nsapato yakuda ija panalibe. Pamalo pake panali kabwalo kouma kokha, ndipo mayi wokolopa anaima potero atakumbatira mtengo wa chokolopera. Ndinawerama kuti nditole ya amayi.

"Isiye," anatero amayi kumsana kwanga, mawu awo ali bwinobwino kuposa tsiku lonse. "Ati tibwere mawa. Itisungire malo."

"Mupita bwanji ndi nsapato imodzi?"

"Ngati ndikuyenda ndine? Si wandibereka?" Anakhosomola. "Koma bambo aja ndi aulemu, wamva."

"Bambo ati?"

"Amene tinalowa nawo aja, otsimphina. Anavula chipewa n'kundithokoza. Ati tsopano awaona."

Sindinacheuke. Ndinayenda nawo mpaka kunyumba, phazi lawo lopanda nsapato likundigunda m'chiuno. Mawa lakelo sanalione. Tinawasambitsa tambala atalira, ndipo nsapato yotsalayo mng'ono wanga anaiika pansi pa bedi lawo, pomwe ili mpaka lero.

Ena amati ndinalakwa. Anene zimenezo amene sanaberekepo mayi wake akubanika.

Ndinalumbira kuti sindidzapondanso pachipatala chimenecho, koma matenda samva kulumbira. Mvula itatha, chifuwa chinandigwira inenso, ndipo chipatala china kulibe. Ndinafika m'mamawa. Mzere unali utafika kale kumpopi.

Yofiira ija inali pomwepo, yogunda chitseko. Dzuwa linali litaisulutsa, kawaya kanga katachita dzimbiri, koma panalibe fumbi. Chidendene cha amayi chinkaonekabe, pamene chinadya mphira. Mayi wokolopa anandizindikira, n'kuyang'ana kumbali.

Bambo wina wachilendo anabwera mothamanga, atanyamula mwana wake paphewa, akulunjika chitseko.

"Musaiponde!"

Anthu onse anayang'ana ine. Mawuwo anali anga.

Ndinakaika nsapato yanga kumapeto, n'kubwera kudzakhala pabenchi ija, kumbali, kusiya malo a munthu mmodzi. Dzuwa linakwera. Kuseri kwa makatani masipuni analira. Kenaka chitseko chinatseguka.

"Wotsatira!"

Khonde linati zii. Namwino anagwira chitseko, maso ali kumbali. Ine ndinapinda mkono n'kuusendeza pang'ono, monga ndinkachitira kale, kuti amayi apeze pogwira akamadzuka.