Aktosh ndi Nkhosa Zobwereka

Galuyo anafika kwa Mayi Burul atakulungidwa m'bulangeti ngati maliro. Anabwera naye ndi Saltanat, dokotala wa ziweto wa m'tauni ya At-Bashy, amene anamutola m'mphepete mwa msewu. Mwini wake anali atagulitsa nkhosa zonse zitangotsika kumapiri kumene zinkadya msipu, n'kuzikweza palole, ndipo galuyo anathamangira loleyo mpaka zikhadabo kuthothoka, mapazi kusanduka zilonda. Saltanat ndi anzake ankatola agalu a abusa otayidwa chonchi, koma powasungira analibe. Ankawasiya m'makomo mwa anthu achifundo kufikira atapezeka mbusa wowafuna.

Mayi Burul sanavute kuvomera. Bwalo lawo linali lalikulu, khola lili pululu. Chimwalirireni amuna awo, bambo Asanbek, ana anagulitsa ziweto n'kupita kukagwira ntchito kumzinda wa Bishkek, moti pakhomopo panatsala mayiwo, nkhuku zingapo ndi kamkeka kawo kopempherera. Iwo ankati cholengedwa chilichonse chili ndi Mwini wake, ndipo Mwiniyo akachigoneka pakhomo pako sufunsanso kuti n'cha yani. Galuyo anamutcha Aktosh, kutanthauza chifuwa choyera, chifukwa cha banga loyera la pachifuwa, nam'mangirira pafupi ndi khonde kuti asatsatirenso msewu.

Zilonda zinayamba kupola, koma galu sankadya. Anamupatsa nyama ya mumsuzi, buledi wonyika mumkaka, ngakhale mafuta a kumchira wa nkhosa amene ankasungira alendo. Aktosh ankangonunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Madzi okha ndiwo ankanyambita pang'ono. Nthiti zinatuluka, ubweya n'kuyamba kusosoka, maso n'kulowa m'kati.

Saltanat atabweranso anagwada, namuyang'ana m'kamwa, namusisita pamimba, koma nthenda sanaipeze. Anayesa mankhwala onse amene anali nawo. Pomaliza anadzuka maso ali psu.

"Mayi, kumusiya kuti afe ndi njala pang'onopang'ono ndi nkhanza," anatero. "Ndikabwera tsiku la msika n'kumupeza akadali chonchi, ndidzamubaya jakisoni apumule."

Mayi Burul sanatsutse, pakuti ankadziwa kuti mtsikanayo akulankhula mwachifundo. Koma popemphera masana amenewo anamutchula galuyo pamaso pa Mulungu. Poyamba anachita manyazi kubweretsa nkhani ya galu pamalo oyera, kenaka anadzilimbitsa mtima poganiza kuti amene amadyetsa akhwangwala m'chisanu sangadabwe ndi pempho lotere.

Madzulo ena akumwaza tirigu wa nkhuku, nkhosa za m'mudzi zinkadutsa pamsewu kuchokera kubusa, fumbi lili kobo. Aktosh, amene tsiku lonse sanagwedezeke, anadzutsa mutu. Anadzikwakwaza mpaka pamene chingwe chinathera, akunjenjemera. Nkhosa zitapitirira anatembenuka, nayang'anitsitsa khola lopanda kanthu lija, chipata chake chili chitsegukire. Kenaka anagonanso, mbale ya nyama ili pamphuno pake.

Apo m'pamene mayiwo anakumbukira malemu amuna awo. Bambo Asanbek sankakhudza tiyi nkhosa zisanalowe. Ankaima pachipata n'kumaziyang'ana imodziimodzi, akatero n'kumanga chipatacho ndi chingwe, ndiyeno n'kugogoda poto wa agalu ndi ndodo. Phala la balere agalu ankadyera pachipata pomwepo, ndipo panalibe galu wawo amene ankafuna chakudya nkhosa zikadali kunja. Aktosh sankadwala ayi. Nkhosa zake zinali zisanabwerere, ndipo iye ankazidikirabe.

M'mawa mwake mayiwo anavala mpango n'kupita kwa mlamu wawo Kubat, mng'ono wake wa malemuwo. Monga mkazi wokwatiwa m'banjamo, sankatchula dzina la m'bale wa amuna awo. Chilowereni pakhomopo ankamuitana kuti Kamnyamata, ndipo ngakhale ndevu zinachita imvi dzinalo silinasinthe.

"Kamnyamata, undibwereke nkhosa."

"Kodi kuli ukwati, alamu? Mwapeza wokufunsirani osatiuza?"

"Pakamwa pakopo padzakupweteketsa. Ndikufuna zizigona m'khola mwanga kuti galu uja adye."

Kubat anaseka mpaka kutsokomola. Anati galu wanjala pakati pa nkhosa ndi mmbulu wovala chingwe basi, ndipo ngati vuto ndi galuyo, iye ali ndi chipolopolo chimene angawapatse ulere. Mayi Burul anamusiya kuti amalize kuseka. Kenaka anamufunsa mofatsa, mkazi wa Kubat akumvera pakhomo la khitchini, ngati akukumbukira amene anamuchapira buluku mwakachetechete chaka chija mimbulu inalira pafupi ndi hema iye ali mnyamata. Mkaziyo anagwira pakamwa. Kubat anakanda m'ndevu, nati nkhani zakale sizithandiza munthu, ndipo anapatula nkhosa zazikazi zokalamba, zotha mano, zimene ankafuna kudzapha chisanu chikalimba.

"Koma akaluma imodzi yokha, alamu, ndibwera ndi mfuti. Ndanena."

Tsiku limenelo mayiwo anatsuka poto wa agalu uja, wopindika m'mbali, amene nkhuku zinkamweramo. Anaphika phala la balere, nathiramo mkaka wosasa monga ankachitira kale, n'kulibisa m'nyumba. Dzuwa litapendeka anapita kwa Aktosh. Anazengereza kumasula chingwe, chifukwa mawu a Kubat sanali opanda nzeru, komanso msewu umene unatenga nkhosa za galuyo unali pomwepo, wosatseka. Anatchula dzina la Mulungu, nam'masula.

Kubat anatulukira akukusa nkhosa zija, ndodo ili m'manja. Zinalowa pabwalo zikulira, ndipo pofika pachipata imodzi ya khutu long'ambika inapatuka kulunjika pamulu wa udzu wouma. Aktosh anadzuka. Miyendo yakumbuyo inagwedera, anagwa, nadzukanso. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kuilondola nkhosayo mwakachetechete. Kubat anakweza ndodo, koma Mayi Burul anamugwira mkono.

Galuyo anaizungulira, naima pakati pa iyo ndi udzu. Nkhosa inaponda pansi ndi chiboda. Iye anangoikankha ndi phewa, pang'ono pokha, ngati munthu wodzutsa mnzake amene wagona pamapemphero, ndipo inatembenuka n'kutsatira zinzake. Aktosh anaiperekeza mpaka pachipata, nanunkhiza m'kati, nagona chopingasa pakhomo la kholalo, lilime lili panja.

Mayi Burul anamanga chipata ndi chingwe, mfundo ija ankamanga amuna awo. Anatenga poto, namuika pansi, nagogoda ndi ndodo ya Kubat. Aktosh anayang'ana nkhosa, nayang'ana mayiwo, kenaka analowetsa mphuno m'phalamo. Poyamba ankanyambita mokayika, pambuyo pake poto anayamba kuyenda pansi. Mayiwo anatambasula manja kumwamba n'kudzipukuta nawo kumaso, misozi ili chuchuchu. Kubat anatembenukira kumapiri, nati fumbi la chaka chino likuwawa m'maso.

Tsiku la msika Saltanat anatsika m'galimoto ndi chikwama chake, nkhope ili yakugwa. Anapeza galu atakhala pachipata cha khola, ndipo atayandikira nkhosa, galuyo anamuuwa ndi mawu osasa. Saltanat anaima, nayamba kuseka, n'kubweza chikwama m'galimoto osachitsegula.

Chisanu chonse nkhosa zokalambazo zinagona kwa Mayi Burul. Kubat akabwera kudzazifuna ankamwetsedwa tiyi n'kubwerera chimanjamanja, akudandaula kuti nyama yake ikudyera udzu kwa eni. Aktosh ananenepa, ubweya unamera, ndipo mayiwo anazolowera kumva mpweya wake kuseri kwa chitseko akamapemphera m'bandakucha.

Udzu utaphuka, nthawi yokwera kumapiri itakwana, Saltanat anabwera kudzanena kuti mbusa womufuna wapezeka. Mbusayo anali Kubat yemwe, amene anakapempha mwamseri kuopa pakamwa pa alamu ake. Mtima wa Mayi Burul unkafuna kukana, koma ankadziwa kuti galuyo anamulandira kuti adzamubweze ku ntchito imene Mlengi anamupatsa, ndipo nkhosa zotha mano si gulu lokwanira galu wotere. Anamusisita pabanga loyera lija, napereka poto wopindika uja kwa Kubat.

"Uzimupatsa ukamanga chipata, Kamnyamata, osati usanamange."

Anaima pamsewu mpaka fumbi la nkhosa litazimirira. Aktosh sanacheuke, maso ake anali pa gulu. Pobwerera mayiwo anapeza Saltanat ataima pagalimoto, akuchita ngati pali mawu amene akumukanika. Kumpando wakumbuyo kunali bulangeti lija, ndipo pansi pake china chake chinkapuma.

Mayi Burul anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nayang'ana kukhola kumene nkhosa zokalamba zija zinkabzikula. Kubat anali atazisiya dala.

"Tsitsa, mwana wanga," anatero. "Ugwire bwino kumiyendoko. Poto wina tipeza."